Dzino la Nélida ndi Masato a Dima

Dzuwa linali lisanalowe pamene banja la a Lizardo Tapullima linakhala pansi kudya. Anadyera pakhonde monga mwa masiku onse, poti m'katimo denga linali litafumbwa, moti ukakhala malo olakwika tizinyalala timakugwera m'mbale. Panali nthochi zophika ndi nsomba zowotchera m'masamba. Nélida, mkazi wa a Lizardo, ankadya pang'onopang'ono. Nthochi ankayamba waifinya ndi zala kuti ifewe, kenako n'kuikankhira kutsaya lamanzere.

Pansi pa nyumbayo, pakati pa mizati, panali milu ya masamba a kanjedza oluka kale, kudikira Loweruka. Limenelo ndilo linali tsiku la dima, loti amuna a m'mudzimo adzasasule denga lakale n'kufolera latsopano mvula isanakalipe. Ndipo dima saitanira ndi pakamwa pokha. Mwamuna amakwera denga la mnzake chifukwa cha masato, mowa wa chinangwa, ndipo masato a Nélida mbiri yake inkawoloka mtsinje wa Huallaga. Mtsuko wake waukulu unali pakona, wovindikira ndi masamba a nthochi. Chinangwa anaphika yekha, kusinja yekha, kutafuna yekha n'kulavulira momwemo kuti chisase, monga amachitira mayi aliyense wodziwa kufulula. Madzulo alionse a Lizardo ankatungako chipanda chimodzi, ati kuyesa ngati apsa, ndipo madzulo amenewo chipandacho chinali kale m'manja mwawo.

Greysi, mwana wawo wa kalasi yachinayi, anadya mothamanga, nasamba m'manja, natulutsa m'chikwama timakatoni tozungulira tomata pa timitengo. Pa katoni kalikonse anali atajambulapo nkhope, ina yoseka, ina yolira, ina yobiriwira ngati chule.

"Zidole zimenezi ndiye sukulu ya masiku ano?" anafunsa a Lizardo.

"Si zidole, ababa, ndi maemoji. Tinkhope ta pa foni tija. Aphunzitsi a Marleni akuti ndakatulo ndi kunena zimene ukumva mumtima, ndiye ukamaliza mzere uzikweza nkhope yake. Mawa m'mawa aliyense akalakatula yake m'kalasi."

"Iyo yobiriwirayo ikufanana ndi azakhali ako a Zoila akamva kuti nkhuku ya mnzawo yaswa anapiye," anatero bambowo, naseka okha. "Tiye, tiimve."

Mwanayo anaimirira, nalumikiza mapazi monga amachitira pa mzere wa kusukulu.

"Amayi anga amatafuna chinangwa m'mamawa." Anakweza nkhope ya mitima m'maso.

"Amatafunira mbali imodzi ngati kamba." Anakweza yoseka, ndipo a Lizardo anaomba m'manja.

"Dzino lawo limalira, koma iwo salira." Anakweza yamisozi.

"Akalavula, choyera chimasanduka chofiira." Anakweza yobiriwira ija.

"Amavundula msanga kuti ndisaone.
Loweruka anthu adzamwa,
ine ndidzati ndakhuta."

Pamenepo anakweza yomaliza, yoyasamula, yosanza.

A Lizardo anayang'ana m'chipanda chawo nthawi yaitali, nachiika pansi mosamala ngati muli chinkhanira. Kenako anadzuka, napita kumapeto kwa khonde, nalavula. Analavulanso kachiwiri, n'kudzipukuta lilime ndi malaya.

"Amake Greysi, zoona zimenezi?"

"Mwayamba kumvera makatoni?"

"Tayasamulani ndione."

"Ndine nkhumba ya pamsika ine, yoti muziiona mano?"

"Ndimadabwa ine kuti ulendo uno masatowa akukoma mwa mtundu wina," anatero mwamunayo, nkhope itakwinyika. "Mayo ine! Ndiye mwana wa mnansi wathu Isuiza akamva m'kalasimo, akauza amake, amake akauza kudoko. Loweruka ndikwera ndekha dengali ngati nyani."

Greysi anali ataimabe ndi kankhope kosanza m'manja. "Sinakome?" anafunsa ndi mawu aang'ono.

Nélida anayamba kusonkhanitsa mbale. Mtima wake unali utadzaza, koma osati ndi mwanayo. Chimene chinamunyansa ndi sukulu yophunzitsa ana kuvula makolo awo pagulu, n'kumati ndi ndakatulo. Kale mwana akaona chinthu m'nyumba ankachimeza, chimakulira m'mimba momwemo. Lero abwera ndi tinkhope tachikasu, topanda mphuno, topanda makutu, ndipo tikulowa m'mtsuko wa munthu. Anavala patapata, natsika makwerero.

Nélida anakawapeza aphunzitsi a Marleni kuseri kwa bwalo la mpira, pamtunda woyang'ana kumtsinje, pamene pokha foni inkagwira. Anali atakweza mkono m'mwamba ngati wothyola zipatso. Anali mtsikana wa ku tauni ya Yurimaguas, wowonda, wosekasekera, ndipo udzudzu unali utamutha miyendo.

"Amayi a Greysi! Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera. Aphunzitsi, ine sindichedwa. M'tinkhope tanu tija muchotsemo kobiriwira ndi kosanza. Zotsalazo zisiyeni, aziseka, azilira, zilibe kanthu."

Mphunzitsiyo anatsitsa mkono. "Koma amayi, ana amanyansidwanso. Mwana akasowa ponenera, amangokana kudya, inu n'kumati ndi njoka za m'mimba. Sabata yatha wina analakatula za chimbudzi cha pasukulu, ndi tinkhope timeneto, mpaka azibambo a m'mudzi muno anabwera kudzakumba china."

"Ndiye ine ndasanduka chimbudzi cha pasukulu?"

Mawuwo atangotuluka, Nélida anadziluma mlomo, ndipo dzino linamubaya mpaka m'khutu. Anagwira tsaya asanaganize.

"Ndakatulo ya Greysi sindinaimve," anatero a Marleni mofatsa. "Ndinawauza anawo kuti aliyense akakonzere yake kunyumba. Ikunena za inu?" Maso awo anali patsaya lotupalo. Sanali munthu wopusa. Anayang'ana tsaya, nayang'ana kunjira yopita kwa a Tapullima, ndipo Nélida anawaona akukumbukira kuti Lamlungu lapitalo anadutsa pakhomo pake, iye nawapatsa chipanda chodzaza, iwo namwa chonse mpaka kuchitembenuza monga mwa ulemu.

Kholingo la mphunzitsiyo linakwera n'kutsika. Milomo inafuna kumwetulira koma inakanika, mphuno inakwinyika yokha. Anayesa kubisa ndi chifuwa chabodza, koma Nélida anali ataona kale. Nkhope imeneyo inaposa ya pa katoni. Anaiona itavalidwa ndi amuna onse a m'mudzimo, atakhala pamzere pansi pa nyumba yake, aliyense chipanda m'manja.

"Nkhama zikutuluka magazi?" anafunsa a Marleni.

"Pang'ono. Ndi zina."

"Zina?"

"Mwafunsa nokha, aphunzitsi. Mafinya."

Mtsikanayo anatseka maso kanthawi, nameza malovu. "Chabwino. Ngati mukufuna, mawa Greysi sindimuitana. Ndinena kuti nthawi yatha, alakatula tsiku lina. Ine sindiuza munthu. Koma dzinolo mupite nalo kuchipatala cha kumtunda, amazula. Ndipo amayi, mwanayo musamukalipire. Wachita zimene ndinamuuza."

"Ndicho chimene chikundinyansacho," anatero Nélida, natembenuka.

Anali atapambana. Ndakatulo sidzamveka, masato adzamwedwa, denga lidzafoleredwa. Ankadziuza zimenezi akudutsa pabwalo la mpira, anyamata akuthamangitsana ndi mdima kuti agoletse chomaliza. Ankadziuza kuti masato akasasa amapha chilichonse, kuti anthu akhala akumwa malovu ake kuyambira ali namwali ndipo palibe anafa. Malovu si nkhani. Malovu a mayi wabwinobwino ndiwo amapatsa chinangwa moyo, ndipo alendo a m'tauni amene amachita nazo nseru iye ankawaseka. Koma zimene zinali m'kamwa mwake panopa sizinali malovu okha, ndipo lilime lake linkadziwa.

Atafika anapeza a Lizardo akutafuna khungu la ndimu, Greysi atakhala pamakwerero, timakatoni titagona chafufumimba pambali pake. Nélida anawadutsa onse, nagwada pa mtsuko, nachotsa masamba a nthochi. Kuwala kunali kotsala pang'ono. Masato anali oyera bwino, thovu likuphulika pamwamba, fungo lake lenileni lija loitana anthu kutsidya. Palibe akanaona kanthu. Anatenga chipanda, natunga, nachifikitsa pamlomo kuti adzitsimikizire yekha. Anachibweza osalawa. Anayesanso, koma sanathe kumwa. Chibadwire sananyansidwepo ndi mtsuko wake. Anathira masatowo pansi kudzera m'mpata wa matabwa, navindikira, nakhala pomwepo manja ali pamaondo.

"Aphunzitsi ati chiyani?" anafunsa mwamuna wake.

"Ati ndakatulo ikhoza kudikira."

"Ndiye zatheka."

"Inu mungamwe?"

A Lizardo anangobwezera khungu la ndimu lija m'kamwa.

Kutacha, nkhungu isanachoke pamtsinje, awiriwo ananyamula mtsuko uja movutikira kupita nawo kukhola. Nkhumba zinaulandira ndi phokoso ngati zaitanidwa ku ukwati. Nélida sanayang'ane. Anatsuka mtsukowo ndi madzi otentha ndi phulusa, kawiri, nauyanika padzuwa. A Lizardo anatenga chikwanje ndi dengu kupita kumunda kukakumba chinangwa china. Masato a masiku awiri amakhala otsekemera, opanda ukali, ndipo amuna adzang'ung'udza kuti awamwetsa phala la makanda. Koma ong'ung'udza amakwerabe denga.

Chotsala chinali cholemera kuposa mtsuko. Nélida anapita kwa Zoila, mlongo wa mwamuna wake, amene kwa zaka zambiri iye ankamunena kuti masato ake ndi madzi otsukira mbale. Anamupeza akusesa pabwalo.

"Alamu, mwadzuka?"

"Ndadzuka. Kwagwanji kuti mfumukazi ya mitsuko ifike pakhomo pa osauka m'mamawa?"

"Ndabwera kudzabwereka m'kamwa mwanu."

Zoila anasiya tsache. Nélida anafotokoza zonse, mwachidule, maso ali pansi, ndipo pomaliza anayasamula yekha osauzidwa. Zoila anasuzumira, nabwerera m'mbuyo atagwira mphuno.

"Ambuye wanga! Muli khoswe wakufa m'menemo! Ndiye mumafuna kupha amuna athu? Ine ndinamwako Lolemba, alamu, Lolemba lomweli!" Analavula pambali, nalavulanso. Kenako anayamba kuseka, kuseka mpaka kugwira mzati. "Madzi otsukira mbale aja lero akufunika? Tanenaninso, makutu anga ndi okalamba."

"Akufunika."

"Dikirani nditsuke m'kamwa. Ndiitananso mkazi wa Isuiza, ali ndi mano ngati a ng'ona."

Nélida anadziwa kuti nkhani ikafika kwa Zoila ndiye kuti yafika kudoko, kutchalitchi ndi kutsidya komwe, dzuwa lisanafike pamutu. Adzamuseka mpaka mvula idzathe. Koma adzanenanso kuti mtsuko unapita kunkhumba, ndipo amuna adzamwa osasuzumira m'chipanda.

Atabwerera anapeza Greysi atavala yunifolomu, ataima pakhomo, timakatoni tili m'manja, osadziwa ngati atinyamule kapena atisiye.

"Nyamula," anatero mayiyo. "Ukawauze aphunzitsi ako kuti ndati ulakatule. Koma za kamba zija uchotse. Ine sinditafuna ngati kamba."

"Koma ndi pomwe anthu angaseke, amayi."

"Choka apa, uchedwa."

Dzuwa litakwera, chinangwa chinali chitapsa. Nélida anachikhuthulira m'mtondo wautali wathabwa, nthunzi ikufuka, nayamba kusinja. Zoila ndi mkazi wa Isuiza anakhala pansi mbali iyi ndi iyo, miyendo atatambasula, akutapa ndi zala, kutafuna, kulavulira momwemo, n'kutapanso.

"Sinjani bwino, alamu, muli mibulu," anatero Zoila m'kamwa mutadzaza. "Ntchito yanu tsopano ndi imeneyo."

Nélida anakweza munsi, nautsitsa pomwe panali mbulupo.