Mkonono wa kwa a Jailosi

Anamwino a Millicent anatichenjeza kusikelo, apongozi anga aakazi ali pomwepo: "Mwana wa zaka ziwiri sayenera kuliza mkonono mpaka kubanika. Zimayenda m'magazi, ndipo zimadzabweretsa BP ndi matenda a mtima. Mupite naye ku boma akamuone kukhosi."

Apongozi anangotolapo zoti zimayenda m'magazi. Analulutira. Pakhomo panali manong'onong'o akuti Mwai wanga safanana ndi amuna anga, a Kefasi. Tsopano umboni unapezeka, wachipatalanso. Anapha nkhuku.

Kwa a Jailosi, ku Mlonyeni, mkonono ndi ulemu wa banja. Mbala sizinayandikirepo chigafa chawo cha fodya. Mwamuna wa pamenepo amalira ngati chigayo, kenako zii, kenako n'kudzambatuka ngati wavuuka m'chitsime. Ine ndimawerenga kutalika kwa ziiyo. A Kefasi amafika sate. Mwai, naini.

Lachiwiri masana apongozi aamuna, a Jailosi eniakewo, anagona chagada pansi pa mango, mapiritsi a BP ali m'thumba. Mkonono unaduka.

"Amayi, atenga nthawitu," ndinatero.

"Amatero. Akubwera," anatero apongozi aakazi.

Tinadikira. Alamu anga a Vitus anati mwina akufuna kuposa zii ya chaka chatha. Anawathirira tiyi, n'kuvindikira ndi mbale. Tiyi anazizira, iwonso.

Pasiwa usiku, ana awo aamuna anayi anagona panja pamoto, n'kuyamba. Akwaya anasiya kuimba poti sankamvana. Anayiwo akati zii, azimayi m'nyumba ankayamba kuwalira; wina akadzambatuka, ankaleka.

Mwai anali pamiyendo panga, kukamwa yasa. Mkonono wake unaduka. Ndinawerenga mpaka fifitini.

"Mukumva?" apongozi ananong'oneza mnzawo, misozi ili m'masaya. "Agogo ake enieni. Sanapite ayi."

Ndinatuluka. Ndinapeza a Kefasi ali pa zii, ndinadikira kuti abwerere, n'kuwagwedeza.

"Ndikupita naye ku boma."

"Maliro osaika? Anthu ati chiyani, amake Mwai?"

"Mukawauze kuti adikire. Pakhomo pano kudikira mumakutha."

Chigayo chinali chitayambanso. Buku lachipatala linali kale m'chikwama. Ndikanyamuka folo koloko m'mamawa, minibasi yoyamba ndiipeza pa Kamwendo. Ndinam'bereka Mwai m'mwamba ndithu, kamwa lake pakhosi panga, kuti ndizimva mpweya.