Dzina la Bambo Pamwamba

Ku Nambuma kulibe Mkatolika amene sadziwa nyimbo ya "Dengu Langa N'lochepa." Pa masika, amayi akamalowa m'tchalitchi atasenza mtedza ndi chimanga, imeneyi ndiyo amaimba. Amene anaipeka ndi a Gregory Kachingwe, mlimi wa fodya amene anatsogolera kwaya kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitati mbuu. Koma ukalemba mutu wa nyimboyo pa foni kuti makina ofufuzira a pa intaneti akupezere, pamwamba pankabwera kwaya ina ya m'tauni, ya mayunifomu onyezimira, ndipo m'munsi mwake analembamo kuti wopeka sadziwika.

Sadziwika, chonsecho munthu ali moyo, akutsokomola pakhonde pake. Zimenezi zinkamuwawa Prisca, mwana wawo womaliza. Iye ankagwira ntchito ku Lilongwe yokonzera anthu masamba a pa intaneti ndi kuwakankha kuti azioneka pamwamba anthu akamafufuza. Anali atakweza kale masamba a ogulitsa matayala ndi a malo ogona alendo. Madokotala atanena mosabisa kuti chifuwa cha bambo ake sichidzachiranso, Prisca anangofuna chinthu chimodzi: asanatseke maso, aone dzina lawo lili pamwamba pa nyimbo yawo.

Anawajambula ndi foni akuimba pakhonde pomwepo, mawu akusasa, nkhuku zikulowerera. Anakonza tsamba labwino ndithu. Koma taonani, katswiri amene ankakalipira makasitomala pa zolakwa zazing'ono analemba tsamba lonse kuti "Bambo athu anabadwa," "Bambo athu anapeka." Mwana woleredwa bwino satchula dzina la bambo ake, ndipo zala zake zinalizemba iye osadziwa. Makina sadziwa ulemu. Amafuna dzina, lonse, mobwerezabwereza. Prisca analilemba pamutu pa tsamba, pansi pa chithunzi, paliponse, akumva manyazi ngati wakhalira mpando wa bambo ake.

Tsambalo linakwera n'kukaima patsamba lachitatu la zotsatira, kumene sikufika munthu. Loweruka lina Prisca anakwera minibasi kupita kumudzi.

"Bambo, makinawa sakhulupirira munthu akamadzinenera yekha," anatero. "Amafuna ena akutchuleni, aloze kutsamba lanu. Mukanapempha abambo mfumu aike pa tsamba la parishi. Makwaya munkaphunzitsa ku Kasiya ndi ku Nsaru aja sangakane."

A Kachingwe anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. "Ndiye ine ndiziyenda khomo ndi khomo kuti chonde nditchuleni? Iyayi, mama. Nyimbo ija ndinaipereka kuguwa. Wopereka nkhuku kuguwa saimangirira dzina kumwendo, eti amake Prisca?"

Akazi awo, a Benedeta, anangopitiriza kusenda mtedza.

"Ndiloleni ndikapemphe ine," anatero Prisca.

"N'chimodzimodzi. Adzati ndakutuma."

Prisca anamvera, ndipo kumvera kumeneku kunamupweteka kuposa kukanidwa. Anachita zonse zimene munthu angachite payekha. Analemba mawu onse a nyimboyo, mbiri yake, chaka cha njala chimene anaipekera, pomwe anthu ankachita manyazi kupita kuguwa ndi timadengu tosadzadza. Anapeputsa zithunzi kuti tsamba lizitseguka msanga ngakhale pa netiweki ya kumudzi. Linasuntha pang'ono n'kuimanso.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mkuluyo ankafuna. Prisca akamatsanzika, amayi ake atalowa m'nyumba, bambo ake ankamukodola n'kufunsa chapansipansi, "Kodi takwerako?"

"Pang'ono, bambo."

"Chabwino. Ndimangofunsa."

Ankafunsa ulendo uliwonse, ngakhale pamene mawu anali atatha, akulankhula ndi mpweya wokha. Ulendo wina Prisca anaganiza zowanamiza, kungotsegula tsambalo n'kuwauza kuti lili pamwamba. Analephera. Munthu amene anakana kupempha kutchulidwa sukanamupatsa ulemu wabodza.

A Kachingwe anamwalira masika atayandikira, fodya ali m'zigafa. Uthenga wa maliro ndiwo malo amene dzina la munthu wamkulu limatchulidwa lonse popanda wochita manyazi. Mlembi wa kwaya analemba kuti Gregory Kachingwe watisiya, ndipo posowa chithunzi china anangoikapo adiresi ya tsamba la Prisca. Uthengawo unayenda. Parishi inaika pa tsamba lake. Makwaya a ku Kasiya, ku Nsaru, ku Namitete analemba zopepesa, onse akuloza komweko. Amene anaphunzira kuimba m'manja mwawo, ena ali ku Joni, anatumizirana. Ngakhale kwaya ya m'tauni ija inakonza mawu ake, n'kuwonjezera kuti a Kachingwe anali chipilala. Anthufe ndi otero. Dzina timalisunga munthu akumva, n'kudzalikhuthula lonse makutu atatsekeka.

Patapita milungu ingapo Prisca anabwera kudzaona amayi ake. Anakhala pamphasa pakhonde, pafupi ndi mpando wa ndalema umene panalibe woyerekeza kuusuntha. Mwachizolowezi chabe analemba mutu wa nyimbo ija pa foni. Dzina linabwera pamwamba penipeni, kwaya ya m'tauni ili pansi pake. Ntchito imene inamukanika miyezi yonse ija, maliro anaigwira mosavuta. Sanasangalale ngakhale pang'ono. Anangomva mkwiyo ndi chisoni.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa a Benedeta.

"Dzina la bambo lafika pamwamba, amayi."

"Pati?"

Prisca anawapatsa foni. A Benedeta sankawerenga bwino, choncho analoza ndi chala monga amachitira m'buku la nyimbo. Chalacho chinagunda dzina, tsamba linatseguka, ndipo pakhondepo panamveka mawu osasa aja akuimba za dengu lochepa. Nkhuku inalira m'fonimo. Woimbayo anatsokomola, kenako panamveka mawu a a Benedeta omwe, chapatali, akuti, "Pumulani kaye, phala likuzizira."

Mayiwo anamvetsera mpaka nyimbo inatha. Kenako anacheukira mpando wopanda munthu uja.

"Ndinkakumvanitu mukufunsa mwanayu, inu mukuyesa kuti m'nyumbamo sindikumva," anatero. "Mwakwera, bambo ake Prisca."