Buluu m'Chitsime cha Apongozi

Ntchito yanga ndi yokumba. Ndimakumba zitsime, ndimakumbanso zimbudzi, moti za komwe madzi amachokera ndi komwe amapita musandiuze. Sukulu ndinalekezera panjira, koma dothi ndimaliwerenga bwinobwino.

Chitsime cha kwa apongozi ndinakumba ndine, ndisanakwatire mwana wawo. Kunena zoona ndinachikumba mozengereza dala, chifukwa amene ankanditsitsira tiyi pachingwe ndi amene ali mayi wa ana anga lero. Tonse timamwa pamenepo: apongozi, ana anga atatu, ndi nyumba zinayi za mumzere mwathu.

Chaka chino chimbudzi chawo chakale chinadzaza. Apongozi aamuna, omwe anapuma ukalaliki koma cholembera sichinachoke m'thumba la malaya, anasankha malo atsopano kumtunda, pafupi ndi mpanda. Lamulo la chigawo chathu limati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita makumi atatu. Anaitana mayi wa ku khonsolo, iye n'kubwera ndi tepi yake yachikasu. Ine ndinagwira kunsonga.

"Makumi atatu ndi awiri," anatero mayiyo, n'kudinda pepala.

"Mwamva, akamwini?" anatero apongozi. "Awiriwo ndi basela. Mawa muyambe."

Ndinayambadi. Dzenje litafika m'mapewa, fosholo inayamba kutulutsa mchenga woyera wosakanikirana ndi timiyala tosalala. Ndinautapa m'manja, unali wonyowa. Mchenga umenewu ndinkaudziwa. Ndinakumana nawo kale m'chitsime muja, kukhoma la kumtunda, ndipo madzi onse amalowera momwemo.

Ndinauza mkazi wanga kuti akawanong'oneze bambo ake.

"Mukawauze nokha," anatero. "Ine ndinakula nawo. Pepala lodinda satsutsana nalo."

Ndinawapeza pakhonde akuwerenga nyuzipepala, apongozi aakazi akusoka batani pambali. Ndinakhala pansi chapatali, chipewa m'manja.

"Bambo, dzenje lija ndi chitsime ndi pachibale."

"Pachibale bwanji?"

"Mchenga wake ndi umodzi. Zimene muzikasiya uko, tizidzazitunga kuno."

Apongozi aakazi anaweramira batani lawo, mapewa akugwedezeka.

"Tepi yanena makumi atatu ndi awiri," anatero apongozi aamuna.

"Tepi inayenda pamwamba, bambo. Madzi amayenda pansi."

"Ndiye inu mwaposa amene analemba lamulo?"

"Ayi, bambo, lamulo ndi labwino. Koma iwo analembera dothi la chigawo chonse. La pakhomo pano sanalowemo. Ine ndinalowamo, mpaka ndinatulukamo ndi mkazi."

Sanaseke. Ndiye ndinapempha sabata imodzi. Ndinati ndisungunula buluu wochapira zovala m'migolo iwiri ya madzi, ndithire m'dzenjemo. Buluuyo akapanda kutulukira m'chitsime, ndimaliza kukumba osanenanso kanthu.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndikukudziwani inu. Ndikangopita kutchalitchi mudzathira buluuyo m'chitsime."

Tsiku lomwelo anagula loko, n'kukhoma chivundikiro cha chitsime. Kiyi anamumangirira pachingwe m'khosi mwawo. Buluu ndinakapempha kwa apongozi aakazi, anandipatsa yense amene anali m'kabati.

Kuyambira pamenepo aliyense wofuna madzi ankadikira apongozi aamuna. M'mawa uliwonse ankatsegula okha, kutunga ndi ndowa yoyera, n'kuiyang'anitsa padzuwa, amayi a mumzere ataima kumbuyo ndi zidebe zawo. Tsiku loyamba madzi anali mbee. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu anandiitana.

"Akamwini, madzi anu aja akubwera wapansi?"

"Akupereka moni m'njira, bambo."

Amayi aja anaseka, inenso ndinaseka nawo, koma mtima sunali m'malo. Dothi silinama, komanso silidziwa kuti sabata ili ndi masiku angati. Tsiku lachisanu ndinaona mwana wanga wamng'ono akumwa ndi kapu yake ya pulasitiki, madzi akutsikira pachibwano. Ndinali nditalonjeza pamaso pa apongozi kuti ndimaliza dzenjelo, ndipo sindinkadziwa kuti ndikalikana bwanji.

Lachisanu ndi chimodzi sanandiitane. Ndinapita ndekha. Ndinawapeza ataima pachitsime, ndowa ili pakhoma la chitsime. Anatulutsa mpango woyera m'thumba, kuuviika, kuufinya, n'kuutambasula. Mtundu wake unali wochepa, ngati wa malaya asukulu ochapidwa chaka chonse, koma unalipo.

"Amayi," anaitana akazi awo, "tabwerani ndi maso anu, angawa akalamba."

Apongozi aakazi anasuzumira m'ndowa.

"Ameneyo ndi buluu wanga uja. Wabwerera kwawo."

Apongozi aamuna anagwira kiyi wa m'khosi, kenaka anagwedeza loko. Anali wokhoma bwino masiku onsewo, ndipo iwo ankadziwa. Anapinda mpango uja mosamala n'kuuika m'thumba limodzi ndi pepala lodinda.

"Akamwini, kumunsi kuja, kuseri kwa khola la nkhuku, dothi lake ndi lotani?"

"Katondo wokhawokha, bambo. Ngakhale mphekesera siingadutse."

"Ndi mamita angati?"

"Makumi anayi mwina."

"Za mwina ayi. Tiitanenso tepi."

Mayi wa ku khonsolo atabwera, apongozi anamuonetsa mpango, n'kumufotokozera zonse ngati nzeruyo inali yawo. Ine ndinagwira kunsonga kwa tepi. Mayiyo anapempha mchenga uja pang'ono, anaukulunga m'pepala n'kupita nawo.

Dzenje la kumtunda ndinalikwirira ndekha, kenaka ndinakayamba lina kumunsi, nkhuku zikundiyang'anira. Chitsime ndinachikapa kawiri kuti buluu athe. Amayi a mumzere sanalole kuti madziwo atayike, anabwera ndi mabeseni, ndipo sabata imeneyo malaya oyera a mumzere mwathu ankathobwa m'maso.