Mbande Zometedwa Mpala

Pagulu lonse la okwera njinga zamoto panalibe wothamanga kuposa Chimphepo. Dzinalo sanachite kutola panjira. Akatuluka m'galaja mwake, momwe ankakonzera njinga za anzake, nkhuku za mumsewu wonse zinkadziwiratu kothawira. Koma munthu yemweyo akamafika kwa apongozi ake aamuna, ankazimitsa injini ali patali n'kumakankha njinga ngati yakuba.

Apongoziwo anali ndi nazale ya mitengo kuseri kwa nyumba, ndipo mkamwini wawoyu sankamuwerengera n'komwe. Zaka zisanu chikwatirire mwana wawo, Chimphepo anali atamvapo mawu awiri okha kwa iwo: moni ndi "muyende bwino". Akamamunena kwa ena ankangoti "wautsi uja". Kwa anzake ankaseka nazo, koma kunena zoona zinkamuwawa kwambiri.

Nkhani ya mitengo anayambitsa ndi a Nesi, mayi yekhayo pagululo. Loweruka lina, onse atakhala pamatayala akutha m'galajamo, mayiwo anatulutsa kapepala m'thumba la jekete.

"Abale anga, utsi timafukiza mumsewuwu sikuti umangosowa ayi. Ukutenthetsa dziko. Mpweya woipawo imameza ndi mitengo. Tilipo khumi, ndiye njinga iliyonse idzale mitengo makumi awiri."

"Ya Chimphepo ndiye ifunika nkhalango yathunthu," anatero Wometa, mwini shopu yometera tsitsi yoyandikana ndi galajayo, munthu amene pakamwa pake sipankapuma.

Anaseka, koma anavomera onse. Malo anapezeka, chibwalo chopanda kanthu kuseri kwa fakitale yakale, kutsidya kwa tauni. Itafika nkhani ya kopeza mbande, maso onse anatembenukira kwa Chimphepo.

Anapita kwa apongozi ake atavala shati yosita. Mkuluyo anamvetsera uku akuthirira, osacheuka, mpaka madzi anatha m'kheni.

"Mitengo? Inuyo?"

"Inde, bambo."

"Mbande izi ndazilera miyezi isanu ndi itatu. Loweruka mudzatenge theka. Ndione."

"Ndione" ameneyo anamulemera Chimphepo sabata yonse. Kanali koyamba kuti apongozi ake amugwiritse kanthu m'manja, ndipo analumbira chamumtima kuti sipadzathothoka ngakhale tsamba limodzi.

Loweruka m'mawa gulu lonse linafika, injini zozimitsa, aliyense akukankha yake mwaulemu. Kumanga katundu panjinga ndiye inali ntchito yawo. Makreti anawakunga ndi malegeni, pakati pa machubu a mbande anatsekapo ndi sanza kuti dothi lisakhuthuke m'mabampu, Chimphepo n'kuyendera kreti iliyonse akuigwedeza. Anaganizira mabampu, anaganizira makona, anaganizira dzuwa. Za mphepo palibe anaziganizira. Munthu wanjinga mphepo amaiona ngati mnzake, saikayikira.

"Dzuwa lingazifoole," anatero Chimphepo atangokhota pakona. "Tifike msanga, anyamata!"

Anaithira moto, enawo pambuyo. Ulendo wa theka la ola anaudula pakati, ndipo atafika kuchibwalo kuja Chimphepo anatsika akumwetulira, n'kuvula chipewa, n'kucheuka.

M'kreti munali timitengo khumi tili njo, topanda tsamba ndi limodzi lomwe. Makreti enawo chimodzimodzi. Masamba a miyezi isanu ndi itatu anali atamwazika mumsewu wonse wa m'tauni.

Kenako Wometa anazungulira njinga yake, manja m'chiuno.

"Ine ndameta anthu zaka khumi ndi ziwiri, koma mpala wosalala chonchi sindinametepo."

Ena anaphulika kuseka. Chimphepo anakhala pansi, pafumbi pomwepo.

"Usadandaule, aise," anatero Wometa ataona nkhope yake. "Ukangowauza madalawo kuti zadya mbuzi."

"Mbuzi yothamanga chonchija unaiona kuti iwe?"

A Nesi analamula kuti timitengoto tiikidwe pamthunzi wa khoma ndi kuthiriridwa. Chimphepo anatenga kamtengo kamodzi, nakaika m'jekete, n'kubwerera yekha. Njira yonse ankapanga mawu oti akanene, koma pofika pageti onse anali atamuthawa.

Anawapeza apongozi ake akusefa dothi. Anangowapatsira kamtengoko ndi manja awiri. Mkuluyo anakatembenuza uku ndi uku, nakakanda khungwa ndi chikhadabo. M'kati munali mobiriwira.

"Munathamanga bwanji?"

"Kwambiri, bambo. Ndimaopa dzuwa, za mphepo osaziganizira. Wotsogolera ndinali ine. Anzanga aja sanalakwe."

Anaweramitsa mutu kudikira kuti amuloze geti. M'malo mwake anamva kaphokoso kachilendo. Atadzutsa maso anaona mapewa a mkuluyo akugwedezeka. Apongozi ake ankaseka, mpaka kupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja lamatope.

"Zaka makumi atatu ndili m'nazale muno," anatero atapezako mpweya, "aliyense wondiphera mbande amabwera ndi nkhani ya mbuzi. Inu nokha ndi amene mwabwera ndi mtembo m'manja. Komatu sunafe uwu. Mukamathirira, uphukanso."

"Zikomo, bambo."

"Musafulumire kuthokoza. Theka lotsalali sindikupatsani. Ndipita nalo ndekha. Chipewa china muli nacho?"

Chimphepo anaimbira foni anzake kuti abwerere. Ulendo wachiwiriwo makreti anawafunditsa masaka onyowa, ndipo mkuluyo anakwera kumbuyo kwa mkamwini wake, dzanja lili paphewa. Singano ya liwiro ikangoti idzuke pang'ono, zala zinkafinya phewalo.

Tauni ija inali isanaonepo zoterozo. Njinga khumi zikuluzikulu, eni ake m'majekete achikopa, zikukwawa mu giya yoyamba, mapazi akukhwekhwereza pansi. Bambo wina wogulitsa buledi panjinga yakapalasa anawaimbira belu n'kuwapitirira onse khumi, akuwayang'ana mmodzimmodzi. Wometa anatsitsa galasi la chipewa kuti makasitomala ake asamuzindikire. Chimphepo thukuta linali kamukamu, dzanja la kumanzere litachita dzanzi ndi kufinya klatchi, koma manyazi analibe. Dzanja lija paphewa pake linkamukoma kuposa liwiro lililonse limene anathamangapo.

Anafika patatha ola ndi theka. Atavundukula masaka, masamba onse anali pamalo pake.

Kudzala kunatenga masana onse. Mkuluyo ankayenda pakati pawo ngati kapitawo, akuyeza maenje ndi mpini wa khasu. Anamubweza Wometa katatu chifukwa chokwirira mbande ndi chubu chomwe. Zometedwa zija nazo anazidzala, mzere wawowawo chakukhoma, ndipo a Nesi anagawa masiku othirira, Chimphepo n'kudzitengera awiri.

Atatha, anasamba m'manja pampopi wa fakitale, makreti opanda kanthu n'kumangidwanso. Chimphepo analiza injini, apongozi ake n'kukwera. Ananyamuka pang'onopang'ono monga anabwerera, akuzemba kadzenje kalikonse, mpaka anatulukira pamsewu waukulu, wowongoka, wopanda galimoto.

Dzanja lija linachoka paphewa. Chimphepo anatsala pang'ono kuima, poganiza kuti walakwitsanso china. Kenako anamva manja onse awiri akumugwira m'chiuno zolimba, chipewa cha mkuluyo n'kugunda chake.

"Mkamwini!"

"Bambo?"

"Mbande zatsika zija. Tsopano tandionetsani chimene mwana wanga anakukonderani."