Tsiku Limene Geti Linakana Apongozi

Bambo a mapasa anali pakati poyeza nsalu ya kasitomala m'shopu imene ankagwira ntchito pamene foni yawo inalira. Anali akazi awo, ndipo moni sanapereke n'komwe.

"Mwaichita chiyani nyumbayi? Geti ladzikhoma lokha, amayi afika ndipo ali panja ndi chikwama chawo, mvula ikuwathera pathupi. Thanki ikusefukira. Mababu a anapiye anga azima!"

Bambo a mapasa anaika tepi yoyezera pansi. Ankadziwa bwino chimene anachita.

Miyezi iwiri m'mbuyomo mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo yemwe ankaphunzitsa makompyuta kusekondale, anawaikira kakompyuta kakang'ono ngati sopo pamwamba pa kabati. Kankayendetsa geti, pampu ya madzi ndi mababu ofunditsa anapiye zana limodzi m'khola. Bamboyo akalemba lamulo pafoni ali kuntchito, pampu inkayaka kunyumba. Kunyada kwake sikunali kwamasewera. Ngakhale makasitomala ankaonetsedwa.

M'mawa wa tsikuli mnzawo wa m'shopumo, amene onse ankamutcha Adziwazonse, anawaonetsa mndandanda wa malamulo a kompyuta umene anautola pagulu lina la pafoni.

"Achimwene, izi zimapulumutsa magetsi koopsa. Ingokoperani, mutumize kunyumba."

"Bwanji ndiyambe ndafunsa alamu?"

"Aaa, munthu wandevu ngati inu, chilichonse alamu, alamu? Dinani basi!"

Anadina, osawerenga ngakhale mzere umodzi.

Tsopano nsalu anaisiya patebulo n'kuthamangira kwa mnzawo uja. "Iwe, zimabwezedwa bwanji zija?"

Adziwazonse anakanda m'mutu. "Kunena zoona, ine sindinaziyesepo. Kwathu kulibe geti."

Kasitomala uja anaseka mpaka kugwira khoma. Bambo a mapasa anaimbira mlamu wawo. Mwamwayi anali pa nthawi yopuma.

"Alamu, pumani kaye," anatero mphunzitsiyo modekha. "Nditumizireni zimene mwatumizazo." Atawerenga anamveka akudziletsa kuseka. "Izitu anazilembera nyumba ya munthu wina. Kwa iyeyo swichi yachiwiri ndi babu la pakhonde, kwa inu ndi mababu a anapiye. Yachitatu kwa inu ndi pampu, ndipo mwaiuza kuti isazime. Yoyamba ndi geti, mwaliuza kuti lidzikhome. Mwavala nsapato za eni. Nanga kiyi wotsegulira geti pamanja ali kuti?"

Bamboyo anagwira m'thumba mwa buluku. Kiyi anali momwemo.

"Ndili naye kuno," anayankha ndi kamawu kakang'ono.

Mphunzitsiyo sanataye nthawi. Anaimbira mkulu wake kuti azule pulagi ya pampu pakhoma, athire madzi ofunda m'mabotolo, awakulunge nsanza n'kuwaika pakati pa anapiye. Kenako anatsegula laputopu yake, nalowa m'kakompyuta ka pakabati kaja, n'kubweza malamulowo limodzilimodzi. Pasanathe mphindi khumi mababu anayaka, geti linatseguka, apongozi n'kulowa madzi akuchucha m'duku. Anapiye atatu anali atafa kale ndi kuzizira, ndipo bwalo lonse linali dziwe.

Madzulo bambo a mapasa anafika atanyamula bulangete latsopano. Anakhala pansi patsogolo pa apongozi, maso ali pasimenti, napepesa.

"Bambo," anatero mayiwo akupukuta magalasi awo, "akamwini othawa apongozi ndawaonapo ambiri. Koma wokhoma geti ali kuntchito, ndinu woyamba."

Nyumba yonse inaphulika ndi phwete, ngakhale mayi a mapasa amene anali atakwiya chifukwa cha anapiye awo.

Loweruka mlamu uja anabwera ndi pepala lalikulu. Analemba swichi iliyonse ndi ntchito yake, n'kulimata pachitseko cha kabati. Kiyi wa geti anamukhomera msomali kukhitchini.

"Lamulo limene simukulimvetsa musalitumize, ngakhale likuchokera kwa mnzanu," anawauza. "Latsopano muziliyesa muli pakhomo, pa babu limodzi, maso akuona. Komanso muziwauza akunyumba musanadine. Inu mumaona foni, iwo ndi amene amakhala ndi zotsatira zake."

"Tsono mundiphunzitse inenso," analowererapo mayi a mapasa, akukoka mpando. "Anapiyewo ndi anga."

Anaphunziradi, ndipo anagwira msanga kuposa amuna awo. Sabata yotsatira bambo a mapasa analandira uthenga ali m'shopu: "Ndazimitsa pampu ndekha. Inu yezani nsalu."

Phunziro: Kuyendetsa zipangizo za panyumba uli kutali n'kothandiza, koma usatumize lamulo limene sukulimvetsa. Funsa odziwa, yesa uli pomwepo, ndipo siyira akunyumba njira yoyatsira ndi kuzimitsira pamanja.