Makala m'Kamwa mwa Mikidadi

Mwezi wa Ramazani utafika pakati, Dotolo Halketi anatsika m'galimoto pakhomo pa Mikidadi ku Haifilidi, lokeshoni ya m'dziko la eni, atanyamula kamera ndi kabokosi. Mzunguyu ntchito yake inali kufufuza momwe lilime limagundira m'kamwa munthu akamalankhula, ndipo ankafuna Mnyasa. Mikidadi ankasesa mu ofesi mwake. Masiku a chitaganya amenewo, ntchito ikatha nyumba ya m'lokeshoni inkapita nayo limodzi. Akanakana bwanji?

"Ndipopera ufa uwu kumwamba m'kamwa mwako," anatero Dotolo m'Chinyanja chake chopunduka. "Unene mawu amodzi, tsamba. Pomwe lilime lakhudza, ufa uchoka. Ndiika galasi, ndijambula. Osameza, osalavula."

Jamila, mkazi wa Mikidadi, ananunkhiza kabokosi kaja nkhope n'kugwa.

"Bambo, muli shuga umu," ananong'ona. "Makala, koko ndi shuga. Si mwamanga inu?"

"Sindimeza, mayi. Iwowo akuti osameza."

Chiyambire unyamata wake ku Mangochi, Mikidadi anali asanaphonyepo tsiku la kusala, ngakhale chaka chomwe ankakumba ngalande padzuwa ku Msasa. Chuma china analibe munthuyu, chonyadira chake chinali chimenecho.

Ufa unalowa. Anati "tsamba," n'kuyasama. Galasi lozizira linakhala pa mano. Dotolo anadina kamera, koma babu silinayake.

"Dikira. Usasunthe."

Anayamba kufufuza babu lina m'chikwama, mosafulumira, uku akuimba kamluzu. Kunena zoona, kamluzu kameneko kanali kopsetsa mtima. Munthu wosadya chiyambire m'bandakucha ukamuika shuga m'kamwa, malovu sachita kuitanidwa. Anadzaza pansi pa lilime, otsekemera, n'kuyamba kutsetserekera kukhosi. Mikidadi anaweramitsa mutu kuti atsikire kunja.

"Mutu m'mwamba!" Dotolo anamukweza chibwano ndi chala.

Jamila anabwera ndi mbale yolavuliramo. Mwamuna wake anaiyang'ana mbaleyo, anayang'ananso mzungu, misozi ili lengelenge. Khosi linadzigwirira lokha ntchito yake. Jamila anaona kholingo likukwera n'kutsika, ndipo anabweza mbale pang'onopang'ono.

Dotolo anasuzumira m'kamwa muja n'kupukusa mutu.

"Wameza. Chithunzi chawonongeka." Anamwetulira mokoma mtima, n'kumusisita paphewa. "Palibe kanthu, Mikidadi, palibe chomwe chatayika. Ufa ulipo wambiri. Yasamanso."

Mikidadi anayasama.