Dothi la Malachy

Achipatala ananena mosapita m'mbali: Malachy sabwerera kwawo pokhapokha galimoto izifika pakhomo penipeni. Chifere ziwalo mbali imodzi, bamboyo ankayendera njinga ya olumala, ndipo kanjira kochokera kumsewu kanali matope okhaokha. Njira yatsopano inayenera kudutsa pakati pa dimba lake, poti kwina konse kunali matanthwe.

Mkazi wake Nuala anaima padimbapo m'mawa wa chifunga, tiyi akuzirala m'manja. Kuno ku Connemara dothi sumalipeza, umachita kupanga. Zaka makumi anayi Malachy ankasenza ndere za m'nyanja ndi mchenga m'dengu la kumsana, kumayala pathanthwe, mpaka panamera mbatatesi. M'chifungamo Nuala ankamuona ndithu, ali mnyamata, akukwera kuchokera kugombe, dengu likudontha madzi, akuimba mokhotakhota ngati kale. Mtima unamupweteka.

"Amayi, mwagona choimirira?" Anali Fergal, mwana wa anzawo a m'mudzimo, mwini katapila, chigalimoto chokumbira, yemwe anabwera kudzakumba njirayo.

"Iwe Fergal, tangothira phula pamwamba. Dothili likhale pansi pomwepo, lisachoke."

"Aa, ndiye mukufuna anthu andiseke mpaka ku tauni ya Galway? Dothi lonona chonchi limamwa madzi ngati buledi mu tiyi. Chaka chisanathe phula ling'ambika, njinga ya bambo Malachy n'kutitimira pompano. Tichotse lakudali mpaka tipeze polimba, tiyale miyala ikuluikulu, titsendere, kenako ing'onoing'ono, titsenderenso. Phula ndi chipewa chabe, amayi."

"Pakamwa ngati bambo ako."

"Iwo aja ankakumba ndi pakamwa pomwepo. Ine ndili ndi katapila."

Nuala anayesa kuseka, zinakanika. Anawerama, natapa dothi lodzaza dzanja. Linkanunkhirabe nyanja. Kodi munthu angafune chiyani pakati pa dothi ndi mwini dothi?

"Kumba," anatero, n'kulowa m'nyumba kuti asaone.

Masiku anayi nyumba inkanjenjemera ndi makina otsendera miyala. Makapu ankalira okha m'kabati, ndipo Nuala akangotsinzina ankaona ngati nyumba yonse ikuyandama, ikupita kuzilumba.

Lachisanu galimoto ya chipatala inalowa myaa, osagwedezeka n'komwe, n'kuima pakhomo. Atamutsitsa, Malachy anakweza dzanja lake lamoyo kuti amuimitsire njinga. Anayang'ana phula lakuda pamene panali mizere yake ya mbatatesi, nthawi yaitali, mvula yamawawa ikumugwa pachipewa. Nuala anachita mantha.

"Mwakumba mpaka pati?" anafunsa Malachy, lilime likulemera.

"Mpaka pathanthwe," anayankha Nuala.

"Lonse?"

"Lonse, bambo."

Malachy anagwedeza mutu pang'onopang'ono, misozi ili mbwembwembwe.

"Fergal akanangothira phula pamwamba, ndikanamuthamangitsa ndi njinga yomweyi," anatero. "Ndilowetseni m'nyumba mwanga, Nuala. Kunja kuno kukuzizira."